Maola anayi pansi pa nthaka ku New York: m'mene ndinaionera myuziyamu ya 9/11

Alamu anga sankafuna kupitako. Iwo ndi amuna a mchemwali wanga, Msilamu wa ku Mangochi amene wakhala ku America zaka zambiri, ndipo nditawauza kuti pa masiku atatu amene tikhale ku New York ndikufuna tsiku limodzi likathere ku National September 11 Memorial & Museum, malo okumbukira anthu amene zigawenga zobera ndege zinawapha pa 11 Sepitembala 2001, anangoti, "Alamu, pamaliro pamene anthu akukunong'onezana kuti wapha ndiwe, sukhala pafupi ndi bokosi." Tinaseka, koma mawuwo sanali nthabwala kwenikweni, ndipo ndi amene anandichititsa kuwaumiriza, popeza ndinkafuna kuona malowo ndi maso anga a Mkhristu, kwinaku ndikumva zimene maso awo akuona. Awa ndi malo amene munthu amagula tikiti, amaima pamzere, amalandiridwa ndi ogwira ntchito, kenako n'kutuluka atasenza maganizo ena ake, choncho ndikuwaweruza monga ndingaweruzire ntchito ina iliyonse imene ndaikapo ndalama. Funso langa lalikulu ndi lakuti kodi mlendo amatulukamo atamvetsa chiyani za Chisilamu, za kunyanyira pa chipembedzo ndi za uchigawenga.

Malowa ali kumunsi kwa chilumba cha Manhattan, pa Greenwich Street, pamene panaima nyumba ziwiri zosanja za World Trade Center, ndipo kufikako sikuvuta chifukwa sitima za pansi pa nthaka zimakutulani pafupi kwambiri. Pali zigawo ziwiri zimene alendo ambiri amazisokoneza. Bwalo la panja, limene linatsegulidwa mu Sepitembala 2011, n'laulere ndipo munthu amangolowa ngati m'paki. Myuziyamu, imene ili pansi pa bwalolo ndipo inatsegulidwa kwa anthu onse pa 21 Meyi 2014, ndiyo yolipira. Pamene inkatsegulidwa tikiti ya munthu wamkulu inali madola 24, ndipo mtengowo wakwera kuchokera nthawi imeneyo, kotero ndi bwino kuyang'ana pa tsamba lawo la intaneti ndi kugula pomwepo, makamaka chifukwa tikiti iliyonse imakhala ndi ola lake lolowera. Pakhomo amasecha ngati pabwalo la ndege ndipo zikwama zonse zimadutsa m'makina, koma mzere unkayenda, ndipo palibe mlonda amene anatiyang'ana kawiri ngakhale kuti alamu anali atavala kachipewa kawo koyera ka kumzikiti. Chokhacho chimene chinandipsetsa mtima chinachitika mumsewu tisanafike, pamene mnyamata wina wogulitsa malonda, amene alibe ubale uliwonse ndi malowa, anandinyengerera kugula kabuku ka zithunzi atandiuza kuti mkati simudzakhala chondilongosolera. Linali bodza, ndipo kabukuko ndinangoyenda nako ngati katundu.

Mbali imene inandikhudza kwambiri ndi yaulereyo. Pamene panali nyumba iliyonse pali dziwe la ngodya zinayi, lalikulu pafupifupi ekala imodzi, ndipo madzi amatsika m'makoma onse anayi mamita pafupifupi 9, n'kuyenda mwakachetechete kupita pakati, pamene pali dzenje lina limene pansi pake sipaoneka ngakhale munthu aime mbali iti. Mkokomo wa madziwo umameza phokoso la magalimoto, moti anthu amayamba okha kulankhula motsitsa mawu popanda wowauza. Amene anakonza mapulani a bwaloli ndi Michael Arad ndi Peter Walker. M'mphepete mwa maiwe awiriwo muli mkuwa umene anabowolamo maina 2,983, a anthu 2,977 amene anaphedwa pa 11 Sepitembala 2001 ku New York, ku Pentagon, likulu la asilikali a America, ndi m'ndege imene inagwa ku Shanksville m'chigawo cha Pennsylvania, komanso a anthu 6 amene anafa pa 26 Febuluwale 1993 pamene zigawenga zinaphulitsa bomba m'malo oimikamo magalimoto pansi pa nyumba ya kumpoto. Mainawo sanawandandalike motsatira alifabeti. Anaika pamodzi amene ankagwira ntchito limodzi, amene anakwera ndege imodzi, ndi amene abale awo anapempha kuti akhale moyandikana, zimene zinandikumbutsa kumanda a kwathu, kumene adzukulu sakumba paliponse koma amayamba afunsa kuti malemu agona pafupi ndi yani. Tsiku lobadwa la munthu likafika, ogwira ntchito amatsomeka duwa loyera m'dzina lake.

Alamu anali ndi dzina limodzi limene ankalifuna, ndipo tinalipeza pa dziwe la kumwera, pa chigawo cha S-66. Ndi la Mohammad Salman Hamdani, mnyamata wa zaka 23 wobadwira ku Pakistan amene anakulira ku New York, ankaphunzira ntchito ya upolisi ndiponso ankadziwa kupereka chithandizo choyamba kwa ovulala. M'mawa umenewo ali pa ulendo wa ku ntchito anaona utsi, anathamangirako kukathandiza, ndipo sanabwerenso. Chifukwa cha dzina lake ndi chipembedzo chake, kusowa kwake kunabala mphekesera zakuti mwina anali limodzi ndi zigawengazo, ndipo nkhani imeneyi inafika m'nyuzipepala, banja lake likulira ndi manyazi pamwamba pa chisoni, mpaka mu 2002 pamene zinatsimikizika kuti mtembo wake unapezeka m'zigumukire za nyumbazo. Pamaliro ake panabwera meya wa mzindawo ndi mkulu wa apolisi. Mayi ake, a Talat Hamdani, akhala akudandaula poyera kuti dzina la mwana wawo silinaikidwe pamodzi ndi la apolisi ndi ozimitsa moto amene anafa akupulumutsa anthu. Alamu anaika dzanja pa zilembozo, anayendetsa milomo kwa kanthawi, kenako anati, "Tiyeni tilowe, alamu, ola lathu lakwana."

Munthu akalowa amatsika pang'onopang'ono mpaka mamita pafupifupi 21 pansi, pa thanthwe limene nyumbazo zinakhazikikapo, ndipo apa eni malowa anaigwira ntchito. Pali khoma lalikulu la konkire limene linamangidwa kuti madzi a mtsinje wa Hudson asalowe m'maziko, ndipo linapirira tsiku limenelo. Pali chitsulo cha mamita pafupifupi 11 chimene chinali chomaliza kuchotsedwa pa 30 Meyi 2002, chodzaza ndi zithunzi ndi zolemba za amene ankafukula. Pali masitepe amene anthu mazanamazana anathawirapo kulowera ku Vesey Street, ndiponso galimoto ya ozimitsa moto ya Ladder 3 imene mbali yake ya kutsogolo inaphwanyika ngati chitini chopondedwa. Ozimitsa moto okha anafa 343. Pa khoma lina pali mapepala 2,983 a mtundu wa thambo, lililonse losiyana pang'ono ndi linzake, ndipo kuseri kwa khomalo kuli chipinda chimene alendo saloledwa, chosungiramo ziwalo za anthu amene mpaka lero sanazindikirike. Munthu akadziwa zimenezi amaleka kudziona ngati mlendo woona malo, popeza wayandikira manda enieni. Ogwira ntchito ndi aulemu ndipo salankhula zambiri, m'makona mwina muli timapepala topukutira misozi, ndipo m'zipinda zowawa kwambiri muli zitseko zotulukira msanga kwa amene mtima walephera.

M'chipinda cha mbiri, mmene saloleza kujambula zithunzi, tsikulo amalilongosola mphindi ndi mphindi: ndege yoyamba inaomba nyumba ya kumpoto nthawi ya 8:46 m'mawa, yachiwiri nyumba ya kumwera 9:03, yachitatu Pentagon 9:37, nyumba ya kumwera inagwa 9:59, ndege yachinayi inagwa m'munda ku Pennsylvania 10:03 okwera atalimbana ndi zigawengazo, ndipo nyumba ya kumpoto inagwa 10:28. Amakumvetsani mauthenga amene anthu anasiya pa foni za akazi awo ndi amayi awo, ndipo amakuonetsani nsapato, magalasi a maso ndi zikwama za ndalama. Pa kulira anthu amene anafa ndi kuonetsa zimene zinachitika, sindikudziwa malo ena amene angapose amenewa.

Ndikafika pa funso lakuti chifukwa chiyani, chiyamikiro changa chimachepa. Chakumapeto kwa chipindacho kuli kamalo kopanikizika kamene anaikako tizithunzi tating'ono ta zigawenga 19 zija, motsika, kuti amene sakufuna kuona nkhope zawo adutse osaziona. Anthu 15 mwa iwo anali ochokera ku Saudi Arabia, awiri ku United Arab Emirates, mmodzi ku Egypt ndi mmodzi ku Lebanon. Pafupi pomwepo amaonetsa kanema wosakwana mphindi 7 wotchedwa The Rise of Al Qaeda, wonena za gulu limene linatuma zigawengazo, amene wolongosola wake ndi mtolankhani Brian Williams. Kanemayu anautsa mapiri pachigwa myuziyamu isanatsegulidwe n'komwe, chifukwa gulu la atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana limene linkapereka uphungu litamuona linapempha kuti asinthidwe, ponena kuti mawu akuti Islamist ndi jihadist akuwagwiritsa ntchito popanda kuwamasulira mokwanira. Sheikh Mostafa Elazabawy wa mzikiti wa Masjid Manhattan anatula pansi udindo wake m'gululo, poopa kuti mlendo wosadziwa kusiyana kwa al-Qaeda ndi Asilamu wamba adzatuluka ndi maganizo olakwika. Akuluakulu a myuziyamu anakana kusintha kanemayo, ponena kuti akungofotokoza zimene zinachitika.

Ine ndinamuonera kawiri ndipo sindinapezemo bodza. Sindigwirizananso ndi amene amafuna kuti nkhaniyi izinenedwa ngati kuti chipembedzo sichinalowepo m'pang'ono pomwe, chifukwa anthu amenewa sankabisa zimene ankakhulupirira. M'katundu amene anatsalira pabwalo la ndege la Boston, wa Mohamed Atta, mmodzi wa zigawengazo, munapezeka kalata ya m'Chiarabu yowalangiza kuti usiku womaliza asambe, amete, apemphere ndi kuwerenga ndime za m'Qur'an. Osama bin Laden, amene anali mtsogoleri wa al-Qaeda, anatcha chilengezo chake cha mu Febuluwale 1998, cholamula kupha Amereka kulikonse kumene angapezeke, kuti ndi fatwa, chigamulo cha chipembedzo, ngakhale kuti iye sanali shehe wophunzira woyenera kupereka chigamulo chotero. Kubisa zimenezi kungakhale kunamiza alendo, ndipo kungachotsere Asilamu eni ake mpata wonena kuti matendawa akuwadziwa ndipo ali ndi dzina. Vuto langa ndi lakuti myuziyamu imene imapereka maola atatu ku imfa imapereka mphindi zochepa chotere ku chiyambi cha imfayo, ndipo mphindi zochepazo zimatha mlendo atamva mawu a Chiarabu akutchulidwa pamodzi ndi mabomba, asanamve kuti mawuwo amatanthauza chiyani m'kamwa mwa anthu oposa biliyoni imodzi ndi theka amene sanaphepo munthu.

Zimene ndikanakonda kuziwerenga pakhoma ndinazimva kwa alamu titakhala pa benchi kunja kwa chipindacho. Anati mawu akuti jihad anawamva koyamba ku madrasa ali mwana, ndipo amatanthauza kulimbikira pa njira ya Mulungu, kuyambira pa kugonjetsa mtima wako mpaka pa kumenya nkhondo pamene nkhondo yavomerezeka, ndipo nkhondoyo ili ndi malamulo ake. Amaphunzitsidwa kuti Abu Bakr, amene analowa m'malo mwa Mtumiki Muhammad pa utsogoleri, analamula asilikali ake kuti asaphe akazi, ana ndi okalamba, ndiponso asadule mitengo ya zipatso. Kudzipha n'koletsedwa. Qur'an, pa Surah 5 ndime 32, imayerekeza kupha munthu mmodzi wosalakwa ndi kupha anthu onse. "Ndiye alamu," anatero, "kuti munthu alumphe zonsezi, amayamba wanena kuti ife tonse si Asilamu." Chimenechi chimatchedwa takfir, kutcha Msilamu mnzako kafiri kuti magazi ake akhale ololedwa, ndipo ndicho chitseko chimene zigawenga zonse za mtundu umenewu zimalowera. Si chachilendo m'mbiri ya Chisilamu. Gulu la Khawarij linachita zomwezo m'zaka zoyambirira, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anapha Ali, mkamwini wa Mtumiki, mu 661. N'chifukwa chake mashehe ambiri masiku ano amatcha al-Qaeda ndi Islamic State kuti ndi Khawarij atsopano, ndipo mu Sepitembala 2014 akatswiri a Chisilamu oposa 120 analemba kalata yapoyera yotsutsa Abu Bakr al-Baghdadi, mtsogoleri wa Islamic State panthawiyo, mfundo ndi mfundo kuchokera m'mabuku a chipembedzo chomwecho.

Mzere wa maganizo amenewa m'nthawi yathu ino ndi wodziwika. Sayyid Qutb, mlembi wa ku Egypt amene boma la Nasser linamunyonga mu 1966, anaphunzitsa kuti maiko a Asilamu abwerera mu umbuli umene unalipo Chisilamu chisanabwere, ndipo atsogoleri awo ndi oyenera kugwetsedwa. Amene anamwa maganizo otere anapha Pulezidenti Anwar Sadat wa Egypt mu 1981, ndipo pakati pa omangidwa pambuyo pake panali dokotala Ayman al-Zawahiri, amene anadzakhala wachiwiri wa bin Laden. Koma mbewu simera pa thanthwe, ndipo nthaka imene mbewu iyi inameramo ndi ndale ndi nkhondo. Dziko la Soviet Union litalowa mu Afghanistan mu 1979, America ndi Saudi Arabia anathira ndalama ndi zida kwa omenya nkhondo a ku Afghanistan kudzera ku Pakistan, anyamata a Chiarabu anakhamukira ku Peshawar, mzinda wa ku Pakistan, ndipo ndi kumeneko kumene al-Qaeda inabadwira mu 1988. Zodandaula zimene bin Laden ankatchula zinali asilikali a America amene anakhazikika ku Saudi Arabia kuyambira 1990, zilango za pa Iraq, ndi nkhani ya Palestine. Kunena zimenezi si kumuikira kumbuyo, monganso dokotala wonena kumene kolera wayambira sakuyamikira kolerayo. Ndipo nkhondo ya ku Iraq ya 2003, imene inamenyedwa m'dzina lothana ndi uchigawenga, ndiyo inapatsa mpata gulu la Abu Musab al-Zarqawi, limene linasanduka Islamic State n'kulanda mzinda wa Mosul mu Juni 2014, patangotha milungu yochepa myuziyamuyi itatsegulidwa.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mlendo angathe kutuluka akuganiza kuti nkhondo imeneyi ili pakati pa Asilamu ndi Amereka, pamene maliro ambiri a maganizo amenewa achitika m'nyumba za Asilamu ndi za anthu a ku Africa. Pa 7 Ogasiti 1998 mabomba a al-Qaeda pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam anapha anthu 224, ndipo Amereka mwa iwo anali 12 okha. Pa 16 Disembala 2014 a Taliban a ku Pakistan anapha ana a sukulu oposa 130 ku Peshawar. Pa 14 Okutobala 2017 bomba la ku Mogadishu linapha anthu oposa 500, ndipo pa 24 Novembala chaka chomwecho zigawenga zinapha anthu oposa 300 amene anasonkhana pa swala ya Lachisanu mu mzikiti wa al-Rawda ku Sinai. Akhristu nawo asankhidwa ndi kuphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, monga zinachitikira pa yunivesite ya Garissa ku Kenya mu Epulo 2015 pamene anthu 148 anaphedwa. Koma m'dziko lomwelo, mu Disembala chaka chomwecho, al-Shabaab itaimitsa basi ku Mandera n'kulamula kuti Akhristu apatuke, Asilamu anakana kupatukana nawo, ndipo mphunzitsi Salah Farah anaomberedwa n'kumwalira mwezi wotsatira. Ngakhale m'nyumba zosanja zija munafa Asilamu makumi angapo, ndipo m'nyumba ya kumwera munali chipinda chawo chopemphereramo.

Ife a ku Malawi nkhaniyi si ya kutali monga timaganizira. Alamu anali mnyamata mu Juni 2003 pamene amuna asanu a maiko akunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ali ndi ubale ndi al-Qaeda, n'kutulutsidwa m'dziko mwakachetechete ngakhale kuti khoti linali litaletsa. Ku Mangochi anyamata okwiya anaphwanya matchalitchi, asilikali anatumizidwa, ndipo amuna asanuwo anadzamasulidwa patapita milungu ingapo popanda mlandu. "Amene anaphwanya anali ochepa, alamu, koma ife tonse tinkayenda titaweramitsa mitu kumsika," anatero, ndipo ndinakumbukira kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC polimbana ndi gulu la ADF, limene Islamic State inayamba kulitcha lake chaka chotsatira. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, Corporal Ali Khamis Omary, ndipo United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu Meyi 2019. Kwa anansi athu ku Cabo Delgado, nkhondo inayamba pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia ndipo yathamangitsa anthu oposa 700,000 m'midzi yawo, ambiri mwa iwo Asilamu. Kumeneko atsogoleri a mizikiti ndiwo anayamba kuchenjeza boma za anyamata amene ankalowa mu mzikiti ndi nsapato, kunyoza mashehe achikulire ndi kuletsa ana sukulu za boma, ndipo chenjezo lawo silinamveke msanga. Umphawi wa anyamata amene amaona chuma cha gasi ndi miyala ya mtengo wapatali chikuwadutsa pamphuno unawapatsa alalikiwo makutu omvera.

Ndikudziwa yankho la amene angaikire kumbuyo myuziyamu, ndipo lili ndi mphamvu. Malowa ndi manda, si yunivesite, ndipo anamfedwa sanapereke nsapato za ana awo kuti zikhale chiyambi cha mtsutso wa mfundo za dziko la America. N'zoona, ndipo sindikanafuna kuti pamaliro a m'bale wanga wina aimirire n'kuyamba kulongosola zifukwa za amene anamupha. Koma eni malowa anasankha okha kuyankha funso lakuti chifukwa chiyani, ndipo amene wayamba kufotokoza ayenera kumaliza, makamaka kwa mlendo amene mwina aka ndi koyamba ndiponso komaliza kumva za Chisilamu mwatsatanetsatane, ndipo akumva ali ndi misozi m'maso. Zigawengazi ndi khoswe wa pamkhate, amene anasankha dala kukhala pamenepo kuti woponya mwala aswe mkhatewo, popeza Msilamu aliyense amene wanyozedwa pachabe ndi umboni wa ulaliki wawo wakuti dziko limadana ndi Chisilamu. Pulezidenti George W. Bush anazindikira zimenezi pamene anapita ku Islamic Center ya ku Washington pa 17 Sepitembala 2001 kukanena kuti Chisilamu ndi mtendere, patangotha masiku awiri munthu wina ataombera Balbir Singh Sodhi ku Mesa, m'chigawo cha Arizona, chifukwa cha nduwira yake, pamene malemuyo anali wa chipembedzo cha Sikh. Ndipo palibe amene anafunsa Akhristu onse kuti ayankhe mlandu wa Joseph Kony, amene ankati akufuna kulamulira Uganda ndi Malamulo Khumi, kapena azungu onse kuti ayankhe wa munthu amene anapha Asilamu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, mu Malichi 2019.

Za sitolo ya zikumbutso sindinena zambiri. Inadzudzulidwa kwambiri mu 2014, moti mbale ina yoikapo tchizi yooneka ngati mapu a America inachotsedwa, ndipo ine sindinagulemo kanthu chifukwa kwathu sitigula malonda pasiwa, ngakhale ndikumvetsa kuti malo aakulu chonchi amafuna ndalama zoyendetsera. Kwa amene ali ndi ana, eni malowa amachenjeza okha kuti chipinda cha mbiri sichiyenera ana osakwana zaka 10, ndipo ndikuvomereza, popeza muli kamalo kena koonetsa anthu amene anagwa kuchokera m'mawindo. Ana otere atengereni ku maiwe a panja ndi ku mtengo wa mtundu wa Callery pear umene unafukulidwa m'zigumukire utapsa, n'kuleredwa kwina, n'kubwezeredwa pamalopo mu 2010 uli ndi nthambi zatsopano. Musaike ulendo wina wofunika madzulo a tsiku limenelo, chifukwa maola awiri amene ambiri amawerengera sakwana, ndipo munthu amatuluka wolefuka. Tikitiyo ndi yokwera mtengo kwa amene amawerengera m'makwacha, koma ndalama yanga sindinaiirire, ndipo ndingauze aliyense kuti apite, makamaka ngati angapeze mnzake wa Chisilamu wolola kupita naye monga ndinachitira ine, kapena atayamba wawerenga mbiri ya Afghanistan ndi Egypt.

Titatuluka dzuwa linali litapendeka, ndipo alamu anayang'ana pa foni n'kuona kuti nthawi ya swala ya madzulo yakwana. Ndinawafunsa ngati akudandaula kuti anabwera. Anati ayi, koma sadzabwera ndi ana awo mpaka atakula mokwanira kuti azitha kuyankha mafunso a anzawo a kusukulu. Tinayenda misewu ingapo kupita ku mzikiti wina wa m'dera lomwelo, kumene madalaivala a matakisi ndi ogulitsa zakudya m'tingolo ankalowa mothamanga akukwinya manja a malaya. Alamu anavula nsapato pakhomo, anandipatsa chikwama chawo ndi kabuku kanga ka zithunzi kaja kamene anandinyamulira tsiku lonse, ndipo ine ndinakhala pa sitepe panja kuwadikira.